Kamvuu ka Alamu Anga a Kefasi

Alamu anga a Kefasi Phiri anafika kwathu kwa Msungata, m'dera la Mavwere, mu 1988, atanyamula mphasa, khasu ndi kasutikesi ka malata komanga ndi mphira. Kwawo kunali kwa Mkanda, kumene anthu amagula mchere ku Malawi, sopo ku Zambia. Anakwatira akulu anga a Anasi, ndipo anamanga nyumba kuseri kwa ya amayi, pamalo pamene anawalozera amalume athu a Cyprian. Chikamwini ndi chimenecho. Munda ndi wa mkazi, ana ndi a mkazi, ngakhale mango odzala wekha ndi a mkazi. Eni mudzi akatopa nawe umachoka ndi zimene unabwera nazo, ana n'kutsala. A Kefasi ankalidziwa lamulo limeneli kuposa katekisimu, motero m'mudzi mwathu ankayenda mosamala, osapsetsa mtima ngakhale galu.

Anali munthu wochepa thupi, wa mawu apansipansi, wolekeza Sitandade 8. Ine Luwiza, pokhala mlamu wawo, ndinali ndi ufulu wowaseka, ndipo ufuluwo sindinkaunyanyala. Chimene ndinkawasekera kwambiri chinali ana. Mwamuna wa kwathu amayamba kumuona mwana akafika potumika. A Kefasi ayi. Esitere atabadwa mu 1991 ankamubereka kumbuyo ndi chitenje n'kupita naye kudimba, amuna anzawo akuwakuwiza kuti, "Mwaswera bwanji, mayi Kefasi?" Iwo n'kumangomwetulira. Atabadwa Jane anachitanso chimodzimodzi. Ndikunena izi kuti mudziwe chimene munthuyu anali nacho pansi pano. Anali ndi ana awiri amenewa, basi, ndipo kuti akhale nawo pafupi ankayenera kukhalabe kwa Msungata.

Mu 1994, anzawo ali kalikiliki kuthamangira nsalu ndi malaya a zipani, iwo anapeza ntchito pa sekondale ina ya kufupi ndi kwathu, yosesa mu labu ndi kutsuka magalasi. Inenso ndinkaphunzira pomwepo. Aphunzitsi a sayansi anali a Henry Matewere ochokera ku Blantyre, munthu wovala tayi ngakhale mu Okutobala, amene ankadandaula tsiku ndi tsiku kuti boma linawataya kutchire. Mu labumo munali maikulosikopu ziwiri, imodzi yakufa. Poti a Henry anali aulesi pokonzera ana zoti aone, anaphunzitsa alamu anga ntchitoyo: kupala ndere pamtengo, kuziviika m'mbale ya madzi, kudontheza dontho limodzi pakagalasi n'kusuzumira. Anawapatsanso lamulo loti ndere zilizonse azisunga mu envulopu yakeyake, ndipo pamwamba azilemba tsiku, malo, mtengo ndi dzina la wotola. "Envulopu yopanda malo ndi zinyalala," ankatero a Henry. Alamu anga analigwira lamuloli ndi manja awiri.

Ntchitoyo inawalowa m'magazi. Koma ndere zabwino zimamera pamitengo yakale, ndipo mitengo yakale kwathu inathera m'zigafa za fodya. Msitu wokha umene nkhwangwa inauopa ndi wa kumanda.

Mu Febuluwale 1996 kunagwa maliro a nkhalamba ina, ndipo monga mwa nthawi zonse akamwini anali m'gulu la okumba manda. Akupuma pansi pa mkuyu waukulu, a Kefasi anaona ndere zobiriwira bwino zitakuta thunthu lonse. Anapala pang'ono ndi chikhadabo, n'kuika m'bokosi la machesi, n'kulowetsa m'thumba. Kumanda sikuchoka kanthu, ngakhale nkhuni, ngakhale bowa. Okumba amasamba akamatuluka, makasu amatsukidwa. Wotola kanthu kumanda ndi munthu wofuna zizimba, ndiye kuti mfiti. Tonse ndife Akhristu, koma mantha a kumanda sanabatizidwe. Alamu anga ankazidziwa zimenezi, pakuti ndi kwa Mkanda komwe n'chimodzimodzi. Anangodzinamiza kuti ndere si kanthu.

Patapita masiku awiri anandiitana mu labu pa nthawi yopuma.

"Mlamu, manje bwerani muone mlendo wanga."

Ndinasuzumira. M'dontholo munali kachilombo konenepa, ka miyendo isanu ndi itatu yaifupiifupi, kakuyenda mwaulesi ngati kakhuta mowa wa masese. Kumapazi kwake kunali tizikhadabo topindika, timene kankakolera nato ndere. Ndi maso okha sukanakaona.

"Ndakatcha kamvuu," anatero. "Koma simunaone kanthu."

Anasiya kagalasiko padzuwa mpaka dontho linauma, kachilomboko n'kukhwinyata, kusanduka kafumbi. Patatha sabata anandiitananso, nadonthezapo madzi. Tinadikira. Kafumbi kaja kanatupa, kanatambasula mwendo umodzi, kenako wina, n'kuyamba ulendo ngati palibe chachitika. Ndinakuwa, iwo n'kuseka mpaka misozi. Nditafunsa kumene anatola nderezo anati, "Pamtengo wina," ndipo ine sindinafunsenso.

A Henry anafufuza m'mabuku n'kupeza kuti azungu amatitcha tadigiredi tizilombo timeneti, ndipo kuti mitundu yake ndi yambirimbiri. Anatumiza envulopu ya alamu anga kwa mayi wina wa ku yunivesite ya ku Ulaya, amene ntchito yake inali yomweyo ya kusanja tizilomboti m'mitundu. Yankho linabwera patatha miyezi inayi. Mayiyo anati anayeza tizikhadabo ndi kapaipi ka m'kamwa, anafananiza ndi mitundu yonse yolembedwa kale, ndipo sanapeze wofanana nako. Koma sakanalengeza kuti ndi mtundu watsopano asanaone mazira ake, chifukwa tizilomboti timasiyana kwambiri pa minga ya pamazira. Anapempha ndere zina, za pamtengo womwewo, zotola m'dzinja. Kumapeto anaonjezera kuti mtundu watsopano umapatsidwa dzina lokhala mpaka kalekale, ndipo kawirikawiri limakhala la amene anaupeza.

Kuyambira tsiku limenelo a Henry anayamba kuyenda monyang'wa. M'mutu mwawo dzina linali litalembedwa kale, la Matewere.

A Henry atawauza kuti akatolenso ndere pamtengo uja, alamu anga anakana. Ine ndinali pakhomo la labu ndi makope a kalasi yathu, ndipo ndinamva zonse ngakhale sindinazimvetse nthawi yomweyo.

"Bwana, kumene kuja sikupitika popanda maliro."

"Ndiye tidikire munthu afe? Bambo Phiri, tsache lanulo ofuna ndi ambiri."

Alamu anga anapita masana dzuwa lili paliwombo, mu Januwale 1997, anthu onse ali kumunda kubandira chimanga. Ankaganiza kuti palibe owaona. Koma a Nangozo, akazi awo a amalume a Cyprian, anali kufunafuna mbuzi yosochera m'mbali mwa mandawo, ndipo anawaona akutuluka ndi kapepala m'manja. Anakasunga kankhaniko ngati mbewu.

Patatha masabata atatu mdzukulu wa amalume, kamwana ka zaka ziwiri, anamwalira. Anali malungo. Achipatala anatero, ndipo ine ndikubwereza kuti anali malungo, chifukwa mwanayo anagona masiku anayi m'nyumba akupsa thupi asanamutengere kuchipatala. Koma mtembo utangolowa pansi, a Nangozo anatsegula pakamwa.

Amalume athu a Cyprian sanali munthu waukali. Anali wosekaseka, wa mawu ofewa, mkulu wa mpingo, woyambitsa nyimbo pamaliro. Analinso ndi diso pa dimba limene alamu anga analikonza kwa zaka zisanu ndi zinayi mpaka linayamba kubala tomato ndi nzimbe zogulitsa kumsika. Anaitana ankhoswe a mbali zonse ziwiri pakhonde pawo. M'mawa wa tsiku limenelo ndinamva akulu anga a Anasi akuchonderera amuna awo kuseri kwa nkhokwe.

"Mukane, bambo a Esitere. Mukavomera muchoka lero lomwe. Kanani chifukwa cha ana."

Munthu amene sananamepo ngakhale pa mtengo wa tomato anaika dzanja pa Baibulo pamaso pa anthu, n'kunena kuti kumanda sanapiteko, kupatula pa maliro, ndipo sanatoleko kanthu. Amalume anamwetulira, nawagwira paphewa.

"Chabwino, akamwini, tamva. Mwina amayiwa anaona chitsa. Koma mlandu suwola. Tsiku limene tidzapeze umboni, mudzapinda mphasa yanu, ana mudzawasiya pomwe pano."

Zinatha zaka ziwiri ndi theka. Alamu anga anasiya zotola ndere, anabwerera ku tsache lawo, ndipo Esitere ankamuperekeza kusukulu pa njinga m'mawa uliwonse. Ankakhulupirira kuti pepala la ku Ulaya silingadziwe njira ya kwa Msungata. Kunjako mayi uja anali atapeza mazira m'ndere zachiwiri zija, a minga yosongoka yosafanana ndi ina iliyonse. Anayeza, anajambula, anasankha kachilombo kamodzi n'kukamata pagalasi kuti kaimire mtundu wonse, n'kukatsekera m'kabati ya kwawoko. Kenako analembera a Henry kuti waona dzina la wotola pa maenvulopu onse awiri, ndipo mtunduwo autcha dzina la munthu ameneyo. A Henry awaika ngati mlembi mnzake wa pepalalo, koma kachilomboko kakhala ka Kefasi.

A Henry sanawauze alamu anga. Za lumbiro lija ankazidziwa bwino lomwe, pakuti ine ndemwe ndinawafotokozera, ndi kamwa langali losasunga madzi. Ena amati sanaganize bwino. Ine ndikuti anaganiza bwino kwambiri, ndipo sindidzasintha mawu.

Linali Lamulungu la mu Ogasiti 1999, titabwera ku tchalitchi, anthu atakhala pabwalo akuswa mtedza. A Henry anatulukira pa njinga yamoto yobwereka, tayi ikuuluka. Anapereka moni kwa onse mwaulemu, n'kupereka kwa amalume pepala la masamba asanu ndi atatu lokhala ndi zithunzi.

"Akulu, ndabwera ndi nkhani yabwino. Mkamwini wanu watchuka dziko lonse lapansi. Koma ine Chichewa changa n'cha ku Blantyre. Awerenge Luwizayu, mwana wanu, amene ndinamuphunzitsa ndekha."

Ndinali nditalemba Fomu Folo, ndili pakhomo, ntchito osaipeza, anthu akundinena kuti sukulu inangondichedwetsa kukwatiwa. Ndiye apa panapezeka poonetsera Chingerezi changa pamaso pa mudzi wonse. Ndinaimirira, ndinakonza chitenje, n'kuyamba kuwerenga mzere umodzi m'Chingerezi, n'kumasulira, mzere wina, n'kumasulira. Ndinati kachilombo katsopano kapezeka ku Malawi, m'boma la Mchinji. Ndinati kutalika kwake sikufika theka la milimita, miyendo isanu ndi itatu, tizikhadabo tiwiritiwiri topindika pamwendo uliwonse, mazira a minga. Anthu ankaseka, akupatsirana zithunzi. Ndinafika pa dzina. Linali la mawu awiri a Chilatini, loyamba la banja lake la kachilomboko, lachiwiri la Kefasi. Pansi pake mayiyo analemba kuti watero polemekeza munthu wa diso lakuthwa ndi wosamala polemba.

Azimayi anaimba nthungululu. Ndinayang'ana alamu anga. Anali atakhala pa mtondo wogwetsa, Esitere atawatsamira paphewa, ndipo ankamwetulira ngati mwana. Chiyambire sindinawaonepo atakondwa chotero. Ndikayerekeza, chimwemwe chawocho chinatha mphindi zitatu.

Ndinapitiriza, kamwa lili patsogolo, nzeru zikutsatira pambuyo. "Malo amene kanapezeka: pa ndere za pamkuyu, m'manda a mudzi wa Msungata. Wotola: Kefasi Phiri, pa 14 Febuluwale 1996, ndiponso pa 21 Januwale 1997."

Manja onse analeka kuswa mtedza.

"Tabwereza pamenepo, mwana wanga," anatero amalume, ndi mawu awo ofewa aja. "Makutuwa akalamba."

Pabwalo ponsepo odziwa Chingerezi tinali awiri, ine ndi a Henry. Ndikanatha kunena kuti ndalakwitsa, pepala likuti pafupi ndi manda, kapena kumunda, china chilichonse. Alamu anga anandiyang'ana, osaphethira. Koma a Henry nawonso ankandiyang'ana, atapinda manja, ndipo ndinaopa kuti andikonza Chingerezi pagulu, anthu n'kundiseka kuti Fomu Folo yanga ndi yabodza. Chimene ndinaopa n'chomwecho, palibenso china. Ndinabwereza mzere wonse, masiku ake omwe, momveka bwino.

"Januwale," anatero amalume, akugwedeza mutu pang'onopang'ono. "Mwana wathu uja tinamuika mu Febuluwale."

A Henry anatsokomola, n'kuonjezera ngati akuthandiza. "Komatu ndi kachilombo kodabwitsa, akulu. Kamafa, n'kuuma gwa, koma bambo Phiri akakadonthezera madzi kamadzuka n'kuyamba kuyenda. Luwiza anaona ndi maso ake."

A Nangozo anadzigwetsa pansi n'kuyamba kulira maliro a mdzukulu wawo ngati wamwalira tsiku lomwelo. Mayi amene anagwira chithunzi anachiponya kutali, n'kupukuta manja m'dothi. Wina anamukoka Esitere pamkono kumuchotsa paphewa pa bambo ake.

Panalibenso zoitana ankhoswe. Munthu anali atanama pa Baibulo, ndipo umboni wake anachita kulemba azungu. Dzuwa lisanapendeke katundu wawo anali panja. Akulu anga a Anasi anadzitsekera m'nyumba ndi Jane, ndipo sanatuluke, sanalankhule, ngakhale kuti bodzalo linali lawo. Alamu anga anagwada pamaso pa amalume, chipewa chili m'manja.

"Ndalakwa, ndikupita. Dimba tengani. Ndikupempha chimodzi chokha, muzindilola kubwera kudzaona ana anga, ngakhale kuima kumsewu."

"Ana a yani?" anafunsa amalume mokoma mtima. "Inu munabwera ndi ana pano?"

Esitere, wa zaka zisanu ndi zitatu, anathamangira njinga ya bambo ake mpaka pamlatho, akulira kuti amutenge. Amene anakamugwira n'kumubweza ndi ine.

Mbiri inafika kusukulu msanga, makolo n'kuyamba kunena kuti ana awo sangalowe mu labu yosesa mfiti, ndipo mwezi usanathe ntchito inawathera. Kwa Mkanda nako mbiri inali itawatsogolera. A Henry anakhomera pepala lija ku makalata awo ofunsira ntchito, ndipo chaka chotsatira anasamukira ku Lilongwe, ku ofesi ya mpando wozungulira. Dimba linapita kwa mwana wa amalume, amene analisandutsa thengo m'zaka ziwiri. Akulu anga anakwatiwanso. Kawiri konse alamu anga anabwera kudzaima kumsewu ndi kathumba ka masikono, ndipo kawiri konse anyamata a m'mudzi anawathamangitsa ndi miyala. Kusukulu anzake ankamutcha Esitere mwana wa kumanda, osafuna kukhala naye desiki imodzi. Analira chaka choyamba, chachiwiri anangoti zii, kenako anasiya kulemba dzina la Phiri pa makope ake.

Ine ndinapeza ntchito yogulitsa m'sitolo ku Mchinji Boma. Kumeneko ndinawapeza alamu anga atakhala pansi pa mtengo pafupi ndi pokwerera minibasi, akusoka nsapato. Tsitsi linali litachita imvi, maso atafooka. Sanandidzudzule ngakhale kamodzi, ndipo zimenezo zinkandipweteka kuposa kutukwanidwa. Ndikadutsa ankangofunsa kuti, "Mlamu, manje Esitere wafika kalasi yanji? Nanga Jane akukula?" Ndinkayankha n'kuthawa.

Mu 2008 Esitere, ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, anabwera kudzandichezera pa holide. Ndinaganiza kuti mwayi wokonza chimene ndinaononga wapezeka. Tsiku lobwerera kumudzi lamba wa nsapato yake anaduka, ndipo ndinamulambalalitsa osoka nsapato awiri n'kumufikitsa pansi pa mtengo uja, osamuuza kanthu.

Alamu anga anadzutsa mutu. Singano inawagwa m'manja. Anaitola, analandira nsapatoyo, n'kuyamba kusoka pang'onopang'ono, akubaya pamalo amodzi kawirikawiri kuti ntchito isathe msanga. Esitere anaima ndi mwendo umodzi atandigwira paphewa. Ndinamva zala zake zikundikanikiza, ndipo ndinadziwa kuti wawazindikira.

"Mlamu," anatero alamu anga, maso ali pansapato, "mtsikana wamkulu chonchiyu ndi mwana wa yani?"

Ndinatsegula pakamwa, koma Esitere anandiyambirira. Anawayang'ana m'maso, ndipo analankhula mwaulemu wonse, monga analeredwera.

"Ndine wa kwa Msungata, agogo. Mayi anga ndi a Anasi. Bambo anga anamwalira ndili wamng'ono."

A Kefasi anagwedeza mutu. Anamanga mfundo, anadula ulusi ndi mano, anapukuta nsapatoyo pa buluku lawo, n'kuiika pansi pafupi ndi phazi lake.

"Pepani, mwana wanga," anatero. "Valani, minibasi ingakusiyeni."